Tcheniso Ikalira ku Luwawa

Tionge analowa m'nkhalango ya payini ku Luwawa mtima uli dyokodyoko. Kampani yodula mitengo inali itangomukweza kukhala kapitawo, mkazi woyamba kupachika wezulo m'khosi pa gulu limenelo. Abwana anali atamuuza mosapsatira mawu kuti munthu akangovulala, ukapitawo wathera pomwepo.

Amuna ankafuna kungofikira kudula, koma iye anakana. Kumaphunziro anamuuza kuti ntchito umayamba waiyendera ndi maso, gawo ndi gawo, n'kumafunsa chimene chingavulaze munthu ndi njira yochipewera.

"Mbwenu tabwera ku Sande sukulu," anatero a Yoram ogwira tcheniso, amene anayamba kugwetsa mitengo Tionge akadali kumsana.

"Ndapota adada, tingozungulira kaye pang'ono," anayankha Tionge.

Anayamba monyinyirika, koma posakhalitsa zinasanduka mpikisano. Wina anaona nthambi youma ili lendelende pamwamba, anaikolola ndi mlongoti. Wina anapeza chisa cha mavu, ndipo anagwirizana zousiya kaye mtengo umenewo. A Yoram omwewo, onyoza aja, ndiwo anakuwa kuti malowo ndi otsetsereka, zipika zidzagubuduka, choncho aliyense aziima kumtunda. Analambula njira yothawira, namanga zisoti. Tionge anasangalala mpaka kufuna kuvina, anangodzigwira poopa kuchepsa udindo.

Tcheniso inalira, phokoso linadzaza chigwa chonse. Pomwepo Tionge anakumbukira amayi otola nkhuni. Iye anakulira m'mudzi wa kuseri kwa nkhalangoyo, ndipo kumeneko tcheniso sithamangitsa anthu, imawaitana. Ikangolira, amayi amaponya makasu, kutola zingwe ndi nkhata, liwiro kukalimbirana nthambi za nkhuni. Amadzera kumunsi, mobisala m'tchire poopa alonda. Gulu lonse linali litaganizira ovala zisoti okha!

Anaimba wezulo koma phokoso linaimeza. Anathamangira pamene a Yoram akanamuona, nakweza manja onse m'mwamba. Makina anazima. Mwamwayi anali atangosema mbali yogwera, mtengo unali chiimire.

"Kwagwanjinso, mama?" anafunsa a Yoram mokwiya.

Tionge anatsetsereka chigwacho nsapato zikuterereka pa masamba a payini. Anawapezadi amayi atanjuta m'tchire, pamalo penipeni pamene nsonga ya mtengo ikanafikira. Atamuona anadzambatuka kuti athawe.

"Imani amama, sindine mlonda!" anakuwa.

Ankadziwa kuti kuwathamangitsa n'kutaya nthawi, akanangobwereranso njira ina. Anakwera nawo kumtunda, nawakhazika kumbuyo kwa amuna aja. Anawalonjeza kuti mtengo ukagwa, iye akaimba wezulo, nthambi zonse ndi zawo. Mayi mmodzi wa mawu ngati belu anamuika panjira kuti azibweza ena obwera.

"Yewo chomene, akapitawo," anatero amayiwo akuseka, poti nkhuni zopanda kuthamangitsidwa anali asanazionepo.

A Yoram, osacheuka n'komwe, analizanso makina. Mtengo unalira, unapendama, kenako phiii! Nthaka inanjenjemera, ndipo tchire lija linaphwanyika lonse, osatsala ndi kamtengo koima. Amayi analulutira, amuna anaimba mluzu, Tionge anaiwala za udindo n'kudumpha ngati mwana.

A Yoram anatembenuka akuseka, kufuna kuti awayamikire kulunjika kwa dzanja. Kuseka kunathera panjira. Pakati pa amayi aja panaima Loyce, mwana wawo wamkazi, chingwe cha nkhuni chili m'manja, khanda lili kumsana. Mkuluyo anayang'ana tchire lophwanyikalo, nayang'ananso mwana wake. Anaika tcheniso pansi mwakachetechete, anapita kukamasula mdzukulu wake kumsana kwa mayi wake ndi manja onunkha petulo, namukumbatira pachifuwa. Tionge ataimba wezulo amayi anathamangira nthambi, koma Loyce anatsala chiimire, chifukwa bambo ake ankakana kumubwezera mwanayo.