Uthenga wa Maliro pa Msewu wa 31

Kale, Mmalawi wa ku Indianapolis akafuna kulankhula ndi abale kumudzi, ankayamba wafika pa kasitolo ka a Shadrick Malikebu pa Lafayette Road. Ankagulitsa makhadi oyimbira kunja: unkakanda kumbuyo kwake, n'kudina manambala ambirimbiri pa foni ya mabatani. Motero dzina lawo linadziwika mpaka kumudzi, ndipo kukagwa maliro ankayimbira iwo. A Shadrick ankavala jekete yakuda, kutenga akazi awo a Magdalene, n'kupita kukakhala pansi ndi woferedwa. Uthenga wotere sauza munthu ali chiimire, kapena ali yekha.

Mu June 2007 kunatuluka iPhone. A Shadrick ataigwira anaseka: foni yanji yopanda mabatani, galasi lokhalokha? Mu 2014 kampani ya Nokia inagulitsa gawo lake la mafoni, ndipo chaka chomwecho iwo anatseka sitolo, makhadi atachita fumbi pakhoma. Inawatsalira ntchito ya jekete ija basi.

M'mawa wina mu February 2016 kunabwera foni kuchokera ku Zomba. Mayi ake a Evelina, mtsikana wosamalira okalamba ku South Bend, anali atatisiya.

"Chonde asamve ali yekha," anatero amalume ake a Evelina. "Mwanayo ndi woyembekezera."

A Shadrick ndi a Magdalene analowa msewu wa 31, kulunjika kumpoto, chipale chofewa chikuwaza.

"Bambo a Joan, pondani mafuta."

"Msewu ukuterera, amayi. Mukufuna maliro akhale atatu?"

Atadutsa Kokomo, foni ya a Magdalene inanjenjemera pamiyendo pawo. Anaseweretsa chala pagalasi.

"Aposita."

"Ndani?"

"Mwana wa a Kingsley, pa gulupu ya mpingo ya pa foni. Chithunzi cha malemu atavala zoyera za Mvano. Wayikapo ndi timanja topemphera."

"Muuzeni adilite msanga!"

"Anthu ayamba kale kupepesa. Evelina ali m'gulupu momwemu."

"Ali pa shifiti. Kuntchito kwawo salola mafoni."

"Nanga pa buleki?"

A Shadrick ankabwereza mumtima mawu amene ankayambira nthawi zonse: kumudzi kwabwera uthenga, amayi adwalika. Munthu umamutsitsa pang'onopang'ono ngati mtsuko wodzaza.

A Magdalene anatsegula dzina la Evelina n'kumaliyang'anitsitsa. Akuyandikira Plymouth, pansi pa dzinalo panaoneka kachilembo kosonyeza kuti mwini wake watsegula foni.

"Walowa," anatero motsitsa mawu, n'kuvundikira foniyo pamiyendo.

Evelina anamupeza panja, poimika magalimoto kuseri kwa nyumba ya okalamba. Anali atakhala pasimenti, atavala yunifolomu yokha, wopanda juzi, ali yekhayekha. Zala ziwiri zinali pagalasi, akukulitsa nkhope ya mayi ake, kuichepetsa, kuikulitsanso.

"Ankolo, mwavutikiranji ulendo wonsewu?" anatero osadzutsa mutu. "Ndamva kale. Ndinali m'kati mowamwetsa phala agogo ena."

A Magdalene anagwada n'kumugwira pamimba ndi pamsana. A Shadrick anaima, mawu aja ali kukhosi, alibenso womuuza. Kenaka anavula jekete yakuda, anamufunditsa Evelina m'mapewa, n'kukhala pansi pambali pake, pasimenti yozizira.

Foni inapitiriza kunjenjemera m'manja mwake. Anthu anali akupepesabe.