Yankho la Nkhono pa bwalo la Linux

Ine anthu a Linux, pulogalamu ina yoyendetsera kompyuta, sindinkawafuna, ndinene poyera. Munthu ukufuna ungodina gemu n'kuyamba kusewera, iwo akuti yamba wawerenga. Kuwerenga chiyani, ndili kusukulu? Ine ndi anzanga osewera nawo mpira wa pakompyuta tinkawatcha a mpingo, chifukwa ukangowapatsa moni ayamba kukulalikira.

Tsoka lake, mlaliki wamkulu anali achimwene anga enieni. Pa bwalo lawo la pa intaneti, pamene anthu a Linux amafunsana mafunso, ankadzitcha Nkhono, ndipo dzinalo linawakhaladi. Kabokosi kalikonse kotuluka pa sikirini ankakawerenga mpaka pansi, ine ndili pambali ndikupsa mtima. Chimene chinkawanyansa kwambiri ndi munthu wofunsa pabwalopo, n'kudzangolemba kuti "zatheka, zikomo" osafotokoza mmene wakonzera. "Kumeneko n'kumana," ankatero. "Wawoloka wekha, mlatho n'kunyamula."

Achimwene atamwalira, kompyuta yawo inakhala miyezi itatu pakona pabalaza, yofunditsidwa nsalu ya patebulo. Loweruka lina m'mawa akazi awo anandiitana.

"Alamu, inu ndiye mumadziwa za magemu. Achimwene anu ankamanga nyumba mu gemu inayake. Ankati ndi yanga, koma ndisaione mpaka ithe. Ndikufuna ndiione."

"Zazing'ono zimenezo, alamu," ndinatero, matama ali thoo.

Ndinayatsa. Kabokosi kanatuluka ndi funso la mizere isanu. Ine kuwerenga? Ndinadina povomera, monga ndimachitira kwanga. Kutsegula gemu ija, sikirini yangoti bii. Kuzimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi. Mayo ine! Alamu anali kukhitchini, akufunsa kuti, "Yatseguka?" Ine ndikuti, "Ikubwera!" Mumtima ndinkadziwa kuti mwina chinthu chomaliza chimene amuna awo anawasiyira ndachifafaniza ndi chala changa.

Anzanga a mpira ndinawaimbira. Wina anati ndichotse Linux yonseyo ndiike zimene anthu amagwiritsa ntchito. Nanga nyumbayo? Anati aaa, kaya.

Ndiye ndinameza manyazi, ndinalowa pa bwalo la a mpingo lija pafoni yanga. Ndinalemba mwaukali kuti chinthu chawocho n'chachabechabe, gemu sikutseguka, andithandize msanga. Ndinkayembekezera kutukwanidwa. Koma anandiyankha mayi wina wodzitcha Telala.

"Pepani achimwene. Musachotse chilichonse. Kompyuta yake ndi yotani, ndipo munadina chiyani?"

Funso lachiwirilo linandiwawa, poti yankho lake sindinkalidziwa. Telala sanandiseke. Anandilangiza pamene makina amasunga mbiri ya zimene zachitika, ine ndinajambula n'kutumiza, n'kutchulanso za nyumba ya mu gemuyo. Patapita kanthawi analemba kuti, "Nyumba yanu ilipo, musaope. Mwachotsa pulogalamu yoyendetsa zithunzi basi. Chipangizo chanucho n'chakale, ndi ochepa ali nacho, koma wina analemba kakonzedwe kake zaka zinayi zapitazo. Tsegulani apa."

Ndinatsegula. Wolembayo anali Nkhono.

Anafunsa funso lomwelo, palibe anawayankha, ndiye patapita masiku awiri anadziyankha okha. Mfundo zisanu ndi zinayi, iliyonse ndi chifukwa chake, ndendende mmene ankandilalikirira. Ndinayamba kutsatira. Yoyamba, yachiwiri. Yachitatu inali yaitali zedi, ndinati iyi ndiidumphe. Maso kutsika pang'ono, ndinapeza analemba kuti, "Yachitatuyi musaidumphe. Ndikudziwa mukufuna kuidumpha. Ndili ndi mng'ono wanga wotero."

Ndinaseka, kenako misozi inangoyamba yokha. Munthu uyu! Ngakhale atapita akundigwirabe dzanja pa mausi ya kompyuta. Ndinapukuta maso, ndinaiwerenga yonse mpaka pansi, koyamba m'moyo mwanga.

Gemu inatseguka. Ndinaitana alamu, anabwera manja ali onyowa, n'kukhala pa mpando wa amuna awo. Nyumba inalipo pa kaphiri, khonde lalitali, mipando iwiri. Khitchini inali ndi zenera lalikulu khoma lonse, pakuti alamu zaka zonsezi ankadandaula kuti khitchini yawo ndi yamdima. Denga linali theka.

"Taonani," anatero alamu, akuseka uku akulira. "Ngakhale muno sanamalize. Nkhono weniweni."

Ndinawasiya akuyendayenda m'zipindamo, ndinabwerera pafoni. Ndinalemba kuti "zatheka, zikomo." Ndinawayang'ana mawu awiriwo, ndinachita manyazi, ndinawafufuta. Ndinafotokoza zonse, kuyambira pa uchitsiru wanga wodina osawerenga.

Telala anayankha msanga. "Mwachita bwino. Koma kompyuta yanuyo ikufanana ndi ya Nkhono mpaka kudabwitsa. Mumamudziwa? Wasowa pano miyezi itatu, tonse tikufunsa za iye. Ine anandiphunzitsa ndi iyeyo, ndisakudziwa ngakhale poyatsira."

Ndinawerengera alamu uthengawo mokweza. Anayang'ana mipando iwiri ija ya pakhonde.

"Auzeni, alamu," anatero. "Ndi anzawo amenewo, ndipo maliro sanamve. Muwafotokozere bwinobwino, musadumphe."