Chinjoka Chomatidwa Pulasitiki

Namwino anali asanamalize kusakaniza makadi a mnzake pamene manja ake anaima. Anasakanizanso pang'onopang'ono, nadula muluwo pakati, nauyang'ana cham'mbali. Kenaka anauika pa tebulo mwaulemu, nakweza dzanja kuitana woweruza.

Amene anakhala moyang'anana naye anali bambo wokonza mawotchi, amene onse m'chipinda chapamwamba chosewereramo makadi ankawatchula kuti a Loya. Sukulu ya malamulo sanaiponde. Dzinalo analipata chifukwa panalibe lamulo la masewerawa limene sankalidziwa, ndipo panalibe wolakwitsa amene ankamulekerera. Ataona dzanja la Namwino lili m'mwamba, anavula magalasi nafunsa ngati mayiyo wayamba kale kuchita mantha masewera asanayambe.

"Mantha ayi, a Loya," anatero Namwino. "Mu mulu wanuwu muli khadi limene ladya bwino kuposa anzake."

Masewerawa si juga, ngakhale akazi a a Loya anatenga nthawi kuti akhulupirire zimenezo. Munthu aliyense amabwera ndi mulu wake wa makadi a zithunzi, ena a zilombo, ena a zida, amene anagula kapena kusinthana ndi anzake, ndipo amaumenyanitsa ndi mulu wa mnzake. Khadi lililonse limavala kathumba kapulasitiki, ndipo lamulo lalikulu ndi lakuti makadi onse akhale ofanana kumbuyo ndi m'manja momwe, kuti mwini asazindikire khadi asanalitembenuze. Nchifukwa chake pa mpikisano munthu akasakaniza mulu wake amaupereka kwa mnzake kuti nayenso asakanize ndi kudula. Tsikulo unali mpikisano waukulu wa pachaka, ndipo anali atatsala anthu anayi okha. Chikho chinali pa shelefu pafupi ndi zenera. Koma a Loya anali ndi chinthu china chimene ankachinyadira kuposa chikho: pa zaka zonse zimene anasewera m'chipindamo, woweruza anali asanaitanidwepo chifukwa cha iwo.

Iwo ndiwo ankaitanira anzawo woweruza. Chaka chathacho anaitanira Namwino yemweyo chifukwa kathumba kake kamodzi kanali ndi kamzere ka chikhadabo pakona. Mayiyo analuza masewerawo osasewera, ndipo pamwamba pake analandira ulaliki wautali wonena kuti munthu wosasamala zazing'ono sangadaliridwe pa zazikulu.

Woweruza, bambo wowonda wolankhula motsitsa mawu, anafika nanyamula muluwo. Anadula, natembenuza khadi la pamwamba. Linali Chinjoka cha Mkuwa, khadi lamphamvu kuposa onse a a Loya, limene anasinthanitsa ndi makadi ena ambiri kuti alipeze. Anasakaniza, nadulanso: Chinjoka. Kachitatu anadula atatsinzina, ndipo Chinjoka chinatulukanso. Amene ankasewera pa tebulo lina anaika makadi pansi, ndipo oonerera anayamba kusendera pafupi. Woweruza anasolola khadilo m'kathumba kake naligwetsa pa tebulo. Khadi la pepala limagwa mwakachetechete. Ili linalira ngati chiphaso.

Linali lomatidwa pulasitiki mbali zonse, lodulidwa m'mphepete mwaluso kuti likwane m'kathumba.

A Loya anatsegula pakamwa, koma mawu anachokera kwina. Pa benchi la kukhoma, pamene panakhala akazi awo, panadzuka bambo wonenepa wa malaya a maluwa, akumwetulira ngati wolandira mphoto.

"Mwaliona tsopano!" anatero. "Ndimadikira kuti muliona liti. Ntchito yanga imeneyo."

Ameneyu anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo, amene anali ndi kashopu kojambula mapepala ndi kuwamata pulasitiki. Ankagona kwa a Loya pamene denga la nyumba yake linkakonzedwa, ndipo dengalo silinkatha. Anali munthu wabwino mtima, koma wa matenda amodzi: chilichonse chimene ankachiona kuti nchofunika ankafuna kuchilowetsa m'makina ake otentha. Chikhalire m'nyumbamo anali atamata kale chithunzi cha ukwati, satifiketi ya mwana, kalendala ya pakhoma ndi kapepala ka malangizo a wailesi. Tsopano anafotokozera chipinda chonse, mokweza, kuti sabata yonse alamu ake ankadandaula pa chakudya kuti Chinjoka chayamba kupindika pakona chifukwa cha chinyezi. Kuti iye, posafuna kudya za eni ake popanda chothokoza, analitenga m'bokosi eni ake ali ku ntchito, nalimata, nalidula ndi lumo latsopano, nalibwezera pamalo pake. Ndi kuti sanalipiritse kanthu.

"Alamu," anatero a Loya, "ndani anakutumani?"

"Chabwino chimafuna kutumidwa? Khadi linali kufa lija."

"Linali kudwala. Mwalipha ndinu."

Wina kumbuyo ananena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo chipinda chinaseka. Akazi a a Loya anakoka mchimwene wawo malaya kuti akhale pansi, koma iye anaima ndithu, akudabwa kuti kuyamika kwachedwa pati.

Woweruza anadikira kuti phokoso lithe, kenaka anafotokoza njira ziwiri zimene lamulo limapereka. A Loya ankazidziwa kuposa iye, popeza anazilakatulapo kwa ena kambirimbiri. Ngati mwini mulu sanadziwe kuti khadi lake ndi losiyana, amangoluza masewera amodzi, nkupeza khadi lina lofanana nalo, nkupitiriza. Ngati anadziwa, kapena anazindikira nkukhala chete, amachotsedwa mu mpikisano, ndipo zonse zimene wapambana tsikulo zimafafanizidwa.

"Za amene anamata tamva," anatero woweruza. "Funso langa ndi limodzi. Pamene mumasakaniza lero, simunamve kanthu?"

Apa ndi pamene panagona nkhani. Munthu akhoza kunamiza woweruza, akhoza kunamiza mkazi wake, koma zala zake sangazinamize. Zala za a Loya zinkatola tizitsulo ta m'wotchi tochepa kuposa njere ya mchenga. M'mawa uja, pa masewera oyamba penipeni, chala chawo chachikulu chinagunda m'mphepete molimba pakati pa mulu. Anadziuza kuti ndi kathumba katsopano. Pa masewera achiwiri chinagundanso, ndipo Chinjoka chinabwera m'manja mwawo msanga. Chinabweranso pa achitatu, popeza khadi lokhuthala limakoka dzanja la wodula, ngakhale wodulayo akhale mdani. Kusolola khadi m'kathumba nkuliyang'ana sikukanawatengera nthawi yomwera madzi. Sanatero, chifukwa zinthu zinkayenda bwino, ndipo munthu zikamamuyendera safuna kufunsa chimene chikumukankha. M'malo mwake anauza makaniki wina, amene anamugonjetsa masana asanakwane, kuti mwayi umatsata munthu wokonza mulu wake mwanzeru.

Akazi awo anafika pambali pawo nawanong'oneza kuti angonena kuti sanadziwe, popeza nzoona kuti za makinawo sanazidziwe, ndipo asachititse manyazi banja pamaso pa anthu. Namwino naye anatsegula chikwama chake natulutsa buku la makadi osinthanitsa. Anasolola Chinjoka cha Mkuwa china, chapepala, chopindika pang'ono pakona monga makadi onse ogwira ntchito, nachikankhira pakati pa tebulo.

"Bwerekani ili," anatero. "Ine ndinabwera kudzakugonjetsani pa tebulo, osati kukhoti. Za kukhoti ndi zanu."

Chifundo chimenechi chinawawawa a Loya kuposa chitonzo. Anayang'ana khadilo, nayang'ana chikho pa shelefu. Mawu ofunika anali amodzi okha, akuti ayi, ndipo panalibe munthu m'chipindamo amene akanatha kuwatsutsa. Ngakhale woweruza ankaoneka kuti akufuna kuwamva mawuwo kuti mpikisano upitirire. A Loya anakonza kukhosi.

Koma mlamu, poona kuti alamu ake ali pa mlandu, anaganiza zowathandiza kachiwiri.

"Bwana woweruza, ndiloleni ndichitire umboni," anatero, akudzigunda pachifuwa. "Awa sanamve kanthu, ndipo sakanamva. Zala za alamu angazi zimamva fumbi m'kati mwa wotchi, aliyense akudziwa. Koma ntchito yanga ndi yosalala moti ngakhale zala zimenezi zinapusitsidwa tsiku lonse. Amene ali ndi makadi ofuna kumata, shopu yanga ili pafupi ndi pokwerera basi."

A Loya anatembenuka pang'onopang'ono nayang'ana mlamu wawo kuyambira ku nsapato mpaka ku maluwa a malaya. Palibe amene anganene motsimikiza ngati chimene chinawalankhulitsa chinali chilungamo chokha, kapena kulephera kupirira kuti zala zawo zisanduke chikwangwani cha shopu ya munthu ameneyu. Kawirikawiri zabwino zimene anthu amachita zimabwera zitakwera pa msana wa mkwiyo, ndipo si nzeru kuzifunsa za ulendo wake.

"Yosalala?" anatero. "Khadi lokhuthala ngati chidendene cha nsapato? Munthu wovala magolovesi akanalimva, alamu." Kenaka anatembenukira kwa woweruza. "Ndinamva. Kuyambira m'mawa ndinamva kuti pali khadi lolimba. Chimene chinalichitikira sindinachidziwe, koma sindinafune kuyang'ana."

Akazi awo anagwira kumutu nabwerera ku benchi. Woweruza anafunsa ngati akudziwa tanthauzo la mawu amenewo, ndipo a Loya anayankha kuti lamulolo akhoza kulinena ali m'tulo. Anachotsedwa. Makaniki uja, amene anali atavala kale chipewa kuti azipita, anaitanidwa kudzakhala pa mpando wawo. Podutsana nawo anawauza mwaulemu wonse kuti tsopano wamvetsa mmene mwayi umatsatira munthu wanzeru.

A Loya analongedza makadi awo m'bokosi limodzilimodzi, monga mwa chizolowezi chawo. Namwino anabweza Chinjoka chake m'buku. Sanaseke, ndipo za chaka chatha sanazitchule. Anangoti timatumba tawo tonse tinali toyera bwino, popanda ndi kamzere komwe. Mawu amenewo a Loya anatsika nawo masitepe ngati mwala mu nsapato.

Panjira akazi awo anakalipira onse awiri mosinthanasinthana. Kwa mchimwene wawo anati chifundo chinapha nkhwali, ndipo munthu wogona m'nyumba ya eni amafunsa asanatsegule mabokosi. Kwa amuna awo anati bambo wamkulu wokhala ndi ana sangataye tsiku lonse la ntchito, nkutayanso chikho chili m'manja, chifukwa chofuna kupambana mkangano ndi mlamu wake. Anawonjezera kuti iwo anavala nsalu yabwino kudzaonerera chikho, osati mlandu. Mlamu ankayenda kumbuyo atanyamula chikwama cha alamu ake, chimene palibe anamupempha kunyamula.

Atafika ku kashopu ka mawotchi, a Loya anayatsa nyale ya pa tebulo, navala galasi la diso limodzi, natenga kachitsulo kawo kopanira kosongoka. Anapeza pamene mapulasitiki awiri anakumana nayamba kukanganula pakona, mosamala ngati akutsegula wotchi ya mwini wake. Pulasitikiyo inanyamuka, koma inanyamuka ndi mchira wa Chinjoka, nisiya pepala loyera. Anaima pomwepo naika kopanirako pansi.

Mlamu, amene ankasuzumira paphewa pawo, anapumira m'mwamba mwachisoni. Anapepesa, ndipo kupepesako kunali kochokera pansi pa mtima. Koma sanathe kupirira.

"Komabe alamu, vomerezani chinthu chimodzi," anatero. "Silidzanyowanso."

A Loya anavula galasi lija naliika m'kabokosi kake. Anauza akazi awo, mosakweza mawu, kuti mawa lake iwo eni akapita kukaona amisiri a denga lija, ndipo ngati pakufunika munthu wopatsira misomali, apatsira okha.

Loweruka lotsatira anakweranso masitepe aja, bokosi lawo la makadi lili ndi loko wamng'ono. Anthu anasiya kulankhula pamene analowa, kenaka anayambiranso. Wina anafunsa ngati Chinjoka chachira, wina anafunsa mtengo womatira mulu wonse. A Loya anakhala pansi moyang'anana ndi mlendo wina amene anali kusewera koyamba m'chipindamo. Posakaniza mulu wa mlendoyo anaona kathumba kong'ambika pakona, ndipo dzanja lawo lamanja linanyamuka lokha mpaka pa phewa. Namwino, pa tebulo loyandikana, anasiya kusewera nawayang'ana.

Dzanjalo linakhala m'mwamba kanthawi. Kenaka linatsikira m'thumba la malaya, nilitulutsa kathumba katsopano.

"Sinthani aka," anatero mwaukali. "Ndipo muziyang'ana makadi anu musanachoke kunyumba."

Chinjoka chomatidwa chija chili pa tebulo la mawotchi mpaka lero, chopanda mchira. Amaikapo tizitsulo kuti tisagubuduke.