Chisa cha pa Lole ya Don Anacleto

Don Anacleto Umpiérrez anatha zaka makumi anayi akutolera zitsulo zimene boma ndi alimi anatopa nazo. Kuseri kwa nyumba yake, kunja kwa tauni ya Paso de los Toros, kunali malole asanu ndi awiri a asilikali, majipi opanda matayala, mathalakitala a m'nthawi ya agogo, ndi makina opunthira tirigu amene nkhuku zinkaikiramo mazira. Iye ankati ndi chuma. Mkazi wake, Doña Zulma, ankati ndi mudzi wa njoka.

Tsiku limene njoka ina inabwera kudzacheza m'khitchini, mlandu unatha.

"Zonse zipite pa okushoni," anatero Doña Zulma. "Zonse, mdala. Musandiyang'ane ngati mwana wolandidwa phala."

Mdalayo anavomera, koma mtima unkamuwawa ndi lole imodzi yobiriwira, imene dzimbiri linali litaidya mpaka pansi kuonekera udzu. Ndi imene ankayendetsa ali msilikali wachinyamata chaka cha chigumula chachikulu, akusamutsa anthu. Mwa amene anawakweza munali mtsikana wina wonyowa, wolongolola, atakumbatira makina osokera. Mtsikanayo ndi Zulma yemweyu, ndipo kulongololako sanasiye. Koma kupempha kuti loleyo itsale, Don Anacleto anachita manyazi. Mwamuna wamkulu angalirire chitsulo?

Loweruka ogula anabwera kudzaona katundu. Techera, wogula zitsulo zakutha wochokera ku mzinda wa Montevideo, anaimenya theche loleyo.

"Iyi ndiidula ndi moto tsiku limodzi," anatero.

Lamulungu, mkazi wake atapita kukaona mchemwali wake, Don Anacleto anakanda matope, nasakaniza ndi udzu ndi ndowe za kavalo. Kumeneko palibe munthu amene amaphwanya chisa cha hornero, kambalame kena komanga nyumba yadothi. Ngakhale mbuli imadziwa kuti kutero n'kuitana tsoka. Ndiye mdalayo anakwera pa lole ndi bondo lake lovutalo, naumba chisa pamwamba penipeni pa denga la dalaivala. Atatsika anachiyang'ana, n'kudziyamikira yekha.

Lolemba bwalo linadzaza. Nyama inkapsa pamakala, chikho cha mate, tiyi wa kumeneko, chinkayenda dzanja ndi dzanja, ndipo Don Wilfredo, woitanira malonda, ankagogoda hamala yake ngati akugulitsa ng'ombe zonenepa. Majipi anapita. Mathalakitala anapita. Makina a tirigu anapita pamodzi ndi mazira atatu amene anapezekamo. Kenaka gulu linafika pa lole yobiriwira ija, ndipo Don Anacleto anatsokomola.

"Pepani, Don Wilfredo. Taonani pamwambapo. Zachitika mwangozi, koma mukudziwa mwambo."

Onse anakweza maso. Chisacho chinali chopendekeka, chonyowa, khomo lake lalikulu loti n'kulowa nkhuku. Kenaka mlimi wina wachikulire anavula chipewa n'kukanda mutu.

"Anacleto, Loweruka madzulo ndinali pano, chisachi panalibe. Ndiye kuti chamangidwa dzulo?"

"Mwina."

"Dzulo Lamulungu? Iwe, unamvapo kuti hornero wagwira ntchito Lamulungu?"

Chiseko chinaphulika. Mwana aliyense wa kumeneko amakula akuuzidwa kuti mbalameyi imapumula Lamulungu, ndipo Don Anacleto mwiniwake anaphunzitsa zimenezo adzukulu ake onse. Mwa changu chake anaiwala.

"Mbalame yachikunja imeneyi!" anakuwa wina.

"Komanso ili ndi zala! Taonani zidindo zake pakhomapo!"

Mdalayo anabisa manja m'thumba. Makutu anamutentha, ndipo kunena zoona misozi inali pafupi. Techera anali atakweza kale dzanja, ndipo Don Wilfredo, akupukuta maso ndi chiseko, anakweza hamala.

"Dikirani kaye."

Anali Doña Zulma. Anayenda pang'onopang'ono, chikho cha mate chili m'manja, nayang'ana chisacho, nayang'ananso pampando wong'ambika wa pambali pa dalaivala. Anayang'ana pamenepo nthawi yotalikirapo.

"Iyi sikugulitsidwa, Don Wilfredo. Pali chisa."

"Koma Doña, chisa chake ndi cha..."

"Mbalame yake ndikuidziwa ine kuposa nonsenu. Imamanga zokhota, denga limadontha, tsiku la sabata siilidziwa. Koma inanditola m'madzi ndi lole imeneyi, ndipo m'chisa chake ndakhalamo zaka makumi anayi ndi zisanu ndi chimodzi. Pitani pa katundu wina."

Techera anatsitsa dzanja. Gulu linasunthira ku pulawo, anthu akusekabe, koma chapansipansi.

Doña Zulma anathira madzi otentha m'chikho n'kupatsa mwamuna wake. Iye anatulutsa dzanja m'thumba kuti alandire, zikhadabo zili zakuda bii ndi matope.

"Mukanangonena, mdala," anatero mkaziyo. "Imwani, mukasambe m'manja. Mukununkha kavalo."