Mchombo Wanga Kuseri kwa Ndende

Ine ndinabadwira kundende. Ndikanena choncho anthu amayamba kufumbatira zikwama zawo, koma mlandu ndinalibe. Bambo anga anali msilikali wa ndende paboma pathu, ndipo nyumba yathu inagundana ndi khoma lake. Mchombo wanga utagwa, malemu amayi anaukwirira pomwepo, kuseri kwa khomalo.

Nyumba za pabomapo bambo amazidziwa ngati ana awo. Khoti analimanga atsamunda, poyamba lofolera ndi udzu, malata anabwera pambuyo. Ndende anaimanga akaidi, njerwa kuumba okha, kuotcha okha, atamaliza n'kulowamo okha. Chipinda chakumapeto chinasungapo chimanga chaka cha njala. Akayamba kufotokoza zimenezi, tiyi amazizira m'kapu.

Lamlungu lina, tsiku langa lopuma kwa madamu amene ndimawalerera ana ku JVC mumzinda wa Dubai, ndinali kudera la Al Muraqqabat kwa mnzanga Mwaka wa ku Chipata. Bambo anaimba pavidiyo ali paboma paja. Kumbuyo kwawo kunkalira chimakina.

"Selina, akugumula zonse, ndende ndi khoti lomwe. Akuti amanga khoti latsopano."

Mtima unandipweteka. Kumudzi komwe bambo anakapumira ine sindinakuleko. Kwathu kwenikweni kunali pakhoma paja, ndiye ankafuna kukuphwanya n'kuthirapo simenti. Ndinalira ngati mwana.

"Iwe, ulilira jele?" anatero Mwaka. "Khalas, basi! Anzako amalira kuti achokemo."

Ndinangomuponyera diso. Apo n'kuti bambo atakhazika mpando wawo kuseri kwa khoma, pamalo penipeni, chipewa chili kumutu. Munthu wamakani ameneyu ndimamudziwa, sakanasuntha ngakhale kukanabwera DC. Chimakina chinaima. Woyendetsa, bambo wa imvi zake, anatsika akukalipa, koma atafika pafupi anavula chipewa.

"Bwana, mwandiiwala? Ndinakhalamotu umu. Munkatitsegulira m'mawa ndi inuyo."

Bambo anamuyang'anitsitsa. "Wa mbuzi uja?"

"Yemweyo, bwana. Ndinasiya kalekale."

"Wachita bwino. Ndiye tamvera, pansi apa pali mchombo wa mwana wanga. Mwini wake ali ku Dubai, akukuona pafonipa."

Ndinkaganiza kuti aseka. Sanaseke ayi. Anandiweyulira dzanja, napita kukabwereka khasu kwa mayi wina wogulitsa mandasi pamsewu. Anakumba mosamala pomwe bambo ankaloza, n'kumawola dothilo ndi manja kuthira m'thumba. Anzake apantchito anangoima chilili, palibe anamufulumizitsa.

Bambo ananyamula thumbalo n'kuliika pamiyendo.

"Dothi lako ndatenga, mwanawe. Ndikalikwirira kumudzi, pakhomo panga. Koma wodziwa malo ake ndikhala ine ndekha, ndipo miyendoyi yayamba kukana. Usachedwe kubwera kuti ndidzakulozere."

Mwaka, wamwano uja, anali akupukuta m'maso ndi chitenje.

"Yalla, tiye, Selina," anatero chapansipansi. "Mawa ukambe na madamu. Uwauze kuti ufuna kupita kwanu."