Mizinga pa Khonde la Elenala

"Kwezani pang'ono, bambo a Takondwa. Mukamangirira pamenepo anthu a kumsika samva."

Elenala anali atagwira makwerero pansi pa mtengo wa mango, mwamuna wake Meshack ali m'mwamba akumanga sipika panthambi. Waya wake unatsikira pakhonde, pomwe panali TV yaing'ono, batire la galimoto ndi kabokosi ka gemu kamene Meshack anagula kwa munthu wochokera ku Joni.

Chaka chimenecho, 1995, nyanja ya Chilwa inaphwa. Meshack, amene kale ankapikula matemba pa Kachulu n'kukagulitsa ku Zomba, anatsala ndi madengu okhaokha. Gemuyo ndiyo inkawadyetsa. Poyamba ankaonetsera m'shedi ya kumsika, koma lendi itawakanika Elenala ndiye anati zonse zibwere kunyumba. Za sipika yaikulu anayambitsanso ndi iye yemwe.

Inali gemu ya nkhondo ya pamadzi. Munthu ankasankha sitima n'kumawombera za adani mpaka zimire. Asodzi osowa chochita ankalimbirana sitima imodzi yokha, ya Ajapani, chifukwa inali ndi mizinga khumi yoikidwa iwiriiwiri.

"Mzinga umenewu, anyamata, ukautchera pa Kachulu pano, chipolopolo chake chikagwera m'tauni ya Zomba!" Meshack ankatero pokopa anthu. "Chimodzi chokha kulemera kuposa matumba awiri a mpunga!"

"Aaa, a Meshack, bodza likanakhala nsomba bwenzi inu musakudandaula za nyanja!"

"Bodza? Kafunseni apongozi anga. Iwo anaulawa."

Apongoziwo anali a Fanuelo, bambo ake a Elenala, amene ankakhala m'kanyumba ka kuseri kwa nkhokwe. Ali mnyamata anapita kunkhondo ndi gulu la asilikali a Keyala, mpaka ku Siloni ndi ku Bama. Za kumeneko sankakamba. Kamodzi kokha, akutongola chimanga ndi mwana wawoyo, anamuuza kuti tsiku lina anawaika ndi anzawo ochepa kulondera katundu m'sitima. Mdani sanamuone n'komwe. Anangoona kung'anima kutali kumene madzi amakumana ndi thambo, kenako sitima yawo inang'ambika ngati chikho. Opulumuka anayandama m'kabwato, anzawo akufuula m'madzi. Elenala anasunga nkhaniyo zaka zambiri, koma gemu itabwera anaipereka kwa Meshack kuti ikhale nyambo.

Ankadziwanso zimene mabingu ankawachita bambo akewo. Mvula ikamagunda, ankapita kukakhala nawo atawagwira dzanja mpaka kunja kutakhala bata.

Mzinga woyamba utalira m'sipika, mbalame zinabalalika mumtengo. Elenala anayang'ana kuseri kwa nkhokwe. Chitseko chinali chotseka. "Paja khutu lawo lina ndi logontha," anadziuza motero, n'kutembenukira kuchidebe chake cha thobwa.

Anthu anabweradi. Pofika masana pabwalo panalibe poponda, ndipo thobwa linatha. Sitima ina ikamira anthu ankakuwa ngati timu yawo yagoletsa. Elenala anaseka nawo, ndipo anangokumbukira za bambo ake dzuwa litafika paliwombo, atazindikira kuti sanawapatse kanthu chiyambire m'mawa.

Anatenga mbale ya mbatata n'kukagogoda. Munalibe munthu. Ndodo yawo inali pansi, nsapato zili pakhomo.

"Bambo a Takondwa, ababa kulibe."

"Apita kokacheza," Meshack anayankha maso ali pa TV.

"Opanda ndodo? Tazimitsani kaye."

"Ndizimitse bwanji anthu alipira kale? Pita ukawaone kwa anzawo aja a bawo."

Elenala sanaumirire. Anayang'ana khamulo, n'kutuluka yekha. Kwa anzawo a bawo kunalibe. Mayi wina wosenza nkhuni ndi amene anamuimika panjira.

"Mukufuna agogo aja? Ndawaona akulowera kunyanja, akuthamanga chowerama. Ndinati ndiwapatse moni, iwo akuti ndigone pansi."

Kumene kale kunali madzi tsopano kunali dothi long'ambikang'ambika, loyera ndi mchere, lotentha ngati chiwaya. Kutsogolo dzuwa linkanyezimiritsa nthaka mpaka kuoneka ngati nyanja yabwerera. Elenala anatsatira mapazi. Poyamba anali mapazi chabe. Kenako munayamba kuoneka timadontho ta magazi.

Anawapeza m'bwato lina losiyidwa, atadzipinda pansi, manja ataphimba mutu. Milomo inali itauma gwa.

"Ababa!"

"Kwera msanga, iwe! Umira!"

"Ababa, ndine Elenala. Kulibe madzi kuno."

"Ndati kwera! Ndipo usapalase, angationenso."

Elenala anati awakoke, koma nkhalambayo inagwiritsa m'mphepete mwa bwato ndi mphamvu zimene iye sankadziwa kuti zikadalimo. Ndiye anakwera, nakhala pafupi nawo, n'kuwaphimba kumutu ndi chitenje. Pamenepo mphepo inabweretsa phokoso kuchokera kumtunda, lochepa koma lomveka bwino. Gu! Gu! Thupi la a Fanuelo linkadzidzimuka pa kulira kulikonse. Pambuyo pake panamveka anthu akukuwa mokondwera.

"Wamva?" ananong'ona. "Anzathu akuitana. Malo mulibe m'bwato muno, mwanawe. Usawayang'ane."

Elenala anafuna kunena kuti amene akuwombera ndi ana a kwa aneba, kuti sipikayo anaikwezetsa ndi iye mwini. Koma anangokhala momwemo atawagwira dzanja mpaka batire la Meshack litatha moto ndipo kumtunda kunati zii. Atatero anawabereka kumbuyo ngati khanda. Anadabwa kuti anali opepuka chotere.

Mbiri siigonera. Lisanathe sabata, Eliza, mwana wa mlongo wawo wa a Fanuelo, anatulukira kuchokera ku Songani ndi njinga ziwiri zahayala. Zaka zapitazo, mayi ake a Elenala atamwalira ndipo mwambo wosudzula utachitika, Eliza yemweyu anabwera kudzatenga atsibweni ake, poti mwamuna pamudzi pa mkazi wake ndi mlendo. Nthawi imeneyo Elenala anagwada n'kulira kuti amusiyire bambo ake, adzawasamala yekha. Anamusiyira.

Eliza anakana mpando. Anakhala pamphasa n'kumasula nsanza za kumapazi kwa atsibweni akewo, nayang'ana mabalawo nthawi yaitali.

"Asuweni," anatero pomaliza, "paja timamva kuti mwalemera. Akuti mwagula sitima ya nkhondo. Ine ndimati ndikwereko pobwerera."

Masiku ena Elenala akanabweza chipongwecho, poti chisuweni n'chotero. Tsiku limeneli anangoyang'ana pansi.

"Ndi masewera chabe, alamu," Meshack analowererapo. "Za ana. Ife sitinadziwe kuti zingafike apa."

"Nkhuyu zodya ana zimapota akulu, achimwene. Inu mwina simunadziwe. Nanga awa?" Eliza analoza Elenala ndi mlomo. "Si awa ankatiuza kuti kukagunda bingu amasiya mphika pamoto kuthamangira kwa ababa awo?"

"Ndinkadziwa," Elenala anayankha motsitsa.

"Basitu. Ine sindinabwerere milandu. Mundipatse bulangete lawo ndi ndodo."

"Sipika tatsitsa kale, asuweni. Taonani, ili apo. Sitidzaikwezanso."

"Mwatsitsa lero poti kwabwera alendo. Njala ikadzalumanso mwezi wamawa?"

Elenala anatembenukira kwa bambo ake. Tsiku limenelo mutu wawo unali bwinobwino, ndipo ankamvetsera zonse atatchera khutu labwino lija. Anayembekeza kuti amukalipira. Akanakonda atamukalipira.

"Musamuvute mwanayu," anatero a Fanuelo. "Nyanja yauma, ana ayenera kudya. Ine ndi amene ndikutchinga malonda. Ndipite ndikaone manda a mlongo wanga, papita nthawi."

"Ababa, musatero."

"Iyayi, mama. Wandisunga bwino. Uzibwera kudzandimeta, Eliza ali ndi dzanja lolemera."

Katundu wawo yense anakwana m'thumba limodzi la feteleza. A Fanuelo anawakweza panjinga, pakaliyala, mapazi omanga nsanza akulendewera, manja atagwira m'chiuno mwa woyendetsa. Elenala anaperekeza mpaka pamsewu wafumbi, ndipo anaima pomwepo mpaka njinga zija zitabisika ndi mitengo.

Pobwerera anapeza anyamata atayamba kale kusonkhana pabwalo. Gemu yopanda phokoso inali itawagwetsa ulesi masiku onsewo, ndipo ambiri anali atasiya kubwera. Meshack anaima pafupi ndi sipika, akupotokola waya m'manja ngati munthu wofuna kupempha mchere kwa mnansi amene anayambana naye.

"Mayi a Takondwa," anayamba mosamala, "ufa watsala wa lero lokha. Ndiye poti woopa uja... poti ababa apita... kaya tikweze?"

Elenala anayang'ana chitseko chotsegula cha kanyumba kaja, kenako anayang'ana mwamuna wake.

"Kwezani," anatero. "Talipira kale. Mtengo wake mwauona ukupita panjinga."

Meshack anakatenga makwerero n'kuwatsamiritsa kumtengo, nadikira kuti mkazi wake awagwire. Elenala anamudutsa, natenga tsache, n'kulowa m'kanyumba ka bambo ake. Mzinga woyamba utalira, anapezeka atasiya kusesa, dzanja atalitambasulira pamphasa popanda munthu.