Chibangiri Chachinayi cha Abiti Wadi

Naima anagwetsa chibangiri chachitatu pasimenti ya pakhonde, ndipo chinalira kuti ngwee, kulira kwakutali ngati zinzake ziwiri zija. Chachinayi chinangoti phwa, n'kugona pomwepo.

Anachitola n'kuchigwetsanso. Phwa.

Sadaka ya amayi ake, Abiti Wadi, inali itachitika dzulo lake. Mayiwo anapita atakhuta masiku, moti pabwalo kuseka kunkaposa kulira. Mangochi yense ankawadziwa ndi chinthu chimodzi: kusonkhanitsa zokongoletsera zakale. Zipini za pamphuno, ndolo, mikanda ya amalonda akale, zonse ankazisunga m'zitini za bisiketi. Munthu akabwera ndi mphete imene wanamizidwa kuti ndi golide, ankaiyeza pachikhatho, kuinunkhiza, n'kumuuza chilungamo chosathira shuga. Ambiri ankachoka pakhomopo atakwinya nkhope, koma ankabweranso.

Zibangiri zinayi zokhazo ndiye sizinkalowa m'chitini. Ankati zinali za agogo awo, ndipo zinkakhala pamkono usana ndi usiku mpaka tsiku limene Sumaiya, mkazi wa mchimwene wake wa Naima, anazivula posambitsa thupi. Kuyambira tsikulo zinali m'chipinda mwa Sumaiyayo.

"Alamu," anatero Naima, mawu ali pansipansi, "tabwerani muone."

Sumaiya anasiya mbale zimene ankatsuka n'kubwera akupukuta manja pachitenje.

"Zitatu izi n'zasiliva. Ichi n'chidutswa cha poto. Amayi ankati zonse zinayi n'za agogo."

"Ine ndinavula zinayi, ndakupatsani zinayi."

"Sindikunena kanthu ine. Ndikungofunsa."

Komatu funso lotero limaluma kuposa kutukwana. Sumaiya anawasamalira apongozi akewo zaka ziwiri, kuwatembenuza pamphasa, kuwamwetsa phala, pamene Naima anali ku Lilongwe akungoimba foni. Tsopano amayi awiri amene ankapeta mpunga pafupi anali atasiya kupeta. Nkhaniyi ikanatuluka pakhomopo, pofika Lachisanu mudzi wonse ukanadziwa kuti Sumaiya anabera maliro. Sumaiya anaima chilili, maso atadzaza misozi.

"Tandipatsa kuno, mwananga."

Anali Mayi Matilda a ku Malindi, amene anakhala pampando chakumapeto kwa khonde, kolona yawo ya mtanda ili pakhosi. Iwo ndi malemuwo anayenda limodzi zaka zambiri m'midzi ya kutsidya, kugula zakale kwa anthu amene ankafuna kuzisungunula. Wina wa kutchalitchi, wina wa kumzikiti, koma akayamba kukangana za ndolo palibe ankawalowerera.

"Khutu lako n'la mayi ako," anatero atachilandira. "Maso okha ndiwo akuchepa. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Wayang'ana kunja, nanga m'kati?"

Naima anagwada pambali pawo n'kuyendetsa chala m'kati mwa chibangiricho. Munali mosalala ngati mwala wa kumtsinje.

"Lasalalitsa choncho ndi khungu la munthu. Tsono taona m'mphepetemu. Ukuona kanjira aka? Tenga chasiliva chimodzi uchigundanitse apa."

Naima anayesa choyamba, sichinagwirizane. Chachiwiri chinalowa m'kanjirako ndendende.

"Zakhulana zaka makumi asanu zimenezo," anatero Mayi Matilda. "Chinthu chosinthidwa dzana sichitha motere. Mlamu wakoyu musiye."

Sumaiya anapuma mozama n'kukhala pansi. Amayi aja anayambiranso kupeta, pang'onopang'ono kuti asaphonye kanthu.

"Nanga chasiliva chachinayi chili kuti?" anafunsa Naima.

Mayi Matilda anaseka mpaka kutsokomola. Anapinda dzanja la bulauzi yawo. Pamwamba pa chigongono panali chibangiri chakuda ndi ukalamba, zojambula zake zofanana ndi zitatu zija.

"Chaka chimene ndinkakwatiwa, kwathu kunalibe ngakhale singano yonyadira. Ndinkasirira za mayi akozi. Ndiye ndinapita kwa wokhoma zidebe ndi poto wobooka, n'kumuuza kuti andisulire chofanana nazo. Anayesetsa ndithu bamboyo. Mmawa wa ukwati mayi ako anabwera pa bwato, nati, 'Tabweretsa ndichione.' Anachitembenuza, kuchitembenuza, n'kundiveka. Ndinangomva mkono kulemera. Ndinati, 'Iwe, ichi si changa.' Ukudziwa anandiyankha chiyani?"

Naima anapukusa mutu.

"Anati, 'Wodziwa siliva pano ndine. Chako n'chimenecho.' Zaka zonsezi ndakhala ndikumubwezera, iye osalola. Munthu amene sananamizepo mlendo ngakhale pa mkanda umodzi, ine anandinamiza mpaka kumanda, maso ali gwa."

Onse anaseka, ngakhale Sumaiya, amene ankasekera m'misozi.

"N'chifukwa chake," anatero Sumaiya. "Ndikamawasambitsa ankandiuza kuti chopepukacho ndizichikwecha mosamala. Ine ndinkangoti ndi ukalamba."

Mayi Matilda anayamba kutsitsa chibangiri chija pamkono. "Lero mwini bodza wapita. Chibwerere kwa anzake."

Naima anagwira dzanja lawo n'kuchikankhira pamalo pake. Kenako anawakonzera dzanja la bulauzi.

"Amayi anagamula kale. Ine ndine ndani?"

Naima anayang'ana zasiliva zitatu zimene zinali pachitenje chake. Manyazi anali atamugwira, ndipo kupepesa kwa pakamwa kunkaoneka kochepa pamaso pa anthu amene anamva funso lake. Anasankha cholemera kwambiri, n'kusendera pamene panakhala mlamu wake. Dzanja la Sumaiya linali lidakali lonyowa ndi madzi otsukira mbale, moti chibangiricho chinalowa mosavuta.

"Ayi alamu, ichi si changa," anatero Sumaiya, akufuna kuchivula.

Naima anamugwira pamkono, osamusiya.

"Wodziwa siliva pano ndine," anatero. "Chanu n'chimenecho."